Ulemu Ukausiye pa Doko

Yamikani mwana wanga,

Moni sindikupatsa, taonana m'mawa uno ukusita malaya ako. Ndikulemba ndili ku ofesi kuno ku Westlands, mu Nairobi muno, anzanga onse atuluka kukadya, ine chakudya chakana kulowa. Mwina ukudabwa kuti amayi akundilemberanji kalata pamene tikugona nyumba imodzi. Chifukwa chake ndi iweyo. Ndikati ndiyambe kulankhula nawe, ndisanafike n'pakati pomwe wayankha kale kuti "ndamva amayi," manja uli kumbuyo, maso pansi. Tsono pepala sungalidule mawu ndi "ndamva amayi" wakoyo. Ndikaisiya pabedi pako, uiwerenge yonse lero lomwe, chifukwa mawa m'mawa tikukuperekeza ku sitima ya pamtunda yopita ku Mombasa ndipo kumeneko sindikalankhula zanzeru.

Nkhani ya nkhanuyi ndaivomera, ngakhale mpaka lero ndikusowa chowauza achibale ku Dedza. Azakhali ako anandifunsa pa foni kuti mwana wamaliza sukulu ya zamafiriji uja wapeza ntchito yanji. Ndinati ya m'boti. "Boti la chambo?" Ndinati ayi, la nkhanu. Iwo anati, "Nkhanu zomwezi timazipeza pansi pa miyala ku Linthipe? Mwam'phunzitsa mwana mpaka ku Kenya kuti azikavundukula miyala?" Ndinayesa kuwafotokozera kuti izi ndi zinkhanu zikuluzikulu za pansi penipeni pa nyanja yamchere, zimakodwa m'miono yachitsulo, amakadya ndi anthu akunja, ndipo iwe ntchito yako n'kusamala mafiriji a m'botimo kuti zisawole. Anangoti atikumbukira pa Chigwirizano Lachinayi.

Abambo ako ndiye asanduka katswiri wa zapanyanja. Chilandirire iwe ntchitoyi amangoonera mavidiyo a maboti a nkhanu pa foni, n'kumandiuza ine za mphepo ndi mafunde ngati anabadwira m'ngalawa, munthu woti madzi aakulu amene anawolokapo ndi a pa pantoni ya Likoni, ndipo anatsinzina njira yonse. Tsiku lina ndinasuzumirako. Ndinaona amuna ali chonyowa, pansi poterera, chimono chachitsulo chikulendewera pamwamba pa mitu yawo, chingwe chikuthamangira m'madzi chokha, kenako funde linakwirira boti lonse. Ndinawalanda foniyo. Iwe wekha unandiuza kuti m'boti mwanumo mulibe zoti uyu ndi wa mafiriji, miono ikamatuluka aliyense amakoka nawo. Unatinso ino ndi nyengo ya kusi, mphepo ija ikufanana ndi mwera wa kwathu koma yopanda chisoni. Ndipo unati munthu amene ukukalowa m'malo mwake makina okokera chingwe anamudula zala. Unanena uku ukuseka, chapati chili m'kamwa. Ine sindinaseke.

Koma mafunde si amene akundisowetsa tulo kwenikweni. Chimene chikundiopsa ine, mwana wanga, ndi ulemu wako. Ndinakulera bwino mopitirira muyeso, ndipo lero ndikuopa kuti kulera kwangako kukakuphetsa.

Usakane. Ndani uja anapitirira ndi matatu, minibasi za kunozi, mpaka ku Githurai chifukwa kondakitala anali pa foni ndipo iwe sunafune kumudula mawu ndi "shukisha" kuti akutsitse? Unabwerera wapansi mpaka kwathu ku Roysambu, mvula ikukupuntha, n'kufika pakhomo n'kumati, "Anali otanganidwa amayi." Nanga wakuba uja anakutsomphola foni pawindo la basi pa Thika Road? Mayi amene unakhala naye mpando umodzi ndi wa kutchalitchi kwathu, anandiuza zonse. Akuti unatulutsa mutu n'kuitana kuti, "Pepani achimwene, foniyo ndi yanga." Koma abale! Kumutchula wakuba kuti achimwene, n'kumupepesanso! Sindikukudzudzula ayi, ndikudziwa kumene unazitenga. Ndine ndinkakupotokola khutu ukalandira chinthu ndi dzanja limodzi, ndine ndinkakutong'olera maso ukayankha akuluakulu asanamalize. Anzathu a kuno ankachita kubwera kudzakuonera, amvekere mwana wa Mmalawi uja ngati wansembe. Ndinkanyada. Lero ndikufuna zina mwa zimenezo undibwezere, ndipo kuti umvetse ndikuuza za ulendo wina umene ndinakuuzani kuti tinayenda bwino.

Unali Fomu 2 nthawi imeneyo. Ofesi yathu inapita ku wekishopu kugombe, kum'mwera kwa Mombasa, ndipo tsiku lomaliza a Dayirekita athu, bambo wamkulu thupi, wokoma mtima, koma wokonda kulankhula, anaganiza zoti tikwere boti tikadye nkhomaliro pa kachilumba kena. M'mawa mwake kunja kunada bii, mphepo ikuulutsa mipando ya pahotela. Mwini boti anayang'ana kumwamba n'kunena kuti kupita tikhoza, kukhala tikhozanso, zili kwa ife. Ine munthu wa kumapiri, kusambira sindidziwa. A Dayirekita anatembenuka n'kufunsa kuti, "Pali amene akuopa?" Maso awo anaima pa ine ndwii, nthawi yaitali ndithu. Ndinamwetulira n'kunena kuti, "Ayi bwana, mmene mwaonera inuyo." Anzanga onse anagwedeza mitu kuvomereza, ndipo tinakwera. Kumeneko ndiye kulakwa koyamba, ukusunge, tikupezanso kutsogoloku.

Titangochoka pagombe boti linayamba kuvina. Ine ndinakumbatira chitsulo cha denga ndi manja onse, ndikuimba nyimbo za maliro chamumtima. A Dayirekita, pofuna kuonetsa kuti zonse zili bwino, anatsegula fulasiki n'kuthira tiyi m'kapu, n'kunditambasulira. "Mama, imwani mutenthedwe." Tsono iwe ukundidziwa. Munthu wamkulu akukupatsa chinthu, ungalandire ndi dzanja limodzi ngati ukulandira chenji kwa kondakitala? Ndinasiya chitsulo chija. Ndinatambasula manja onse awiri, n'kupindanso bondo pang'ono monga anandiphunzitsira amayi anga. Funde linangodikira pomwepo. Ndinapita chagada, tiyi kumwamba, miyendo kumwamba, n'kukakhala khu! m'dengu limene linali kumbuyo kwanga. M'dengumo munali nkhanu zamoyo zimene mwini boti ankapita nazo kwa ophika pachilumba paja. Ndiye tamvera Yamikani: m'boti dzanja limodzi ndi lako, linalo ndiye la ntchito. Kaya akukupatsa ndi a kaputeni, kaya ndi bishopu, kaya ndi mbale ya chakudya utagona ndi njala, landira ndi dzanja limodzi, linalo ligwire chitsulo. Akakuona ngati wamwano, akuone uli moyo.

Nkhanu zija zinali zomanga ndi luzi, koma imodzi inamasuka, kaya ndi kulemera kwanga kaya inali ndi nkhani nane kale. Inandipana pamalo amene munthu amakhalira. Mwana wanga, ndinabereka iwe popanda jakisoni, koma ululu umene uja unali ndi dzina lakelake. Anthu anandidzutsa, nkhanu inagwa, koma chala chake chopanira chija chinathothoka n'kutsalira pa ine, chitaluma gwa, mkati mwa chitenje. Mwini boti anafunsa m'Chiswahili ngati ndili bwino, "Uko sawa, mama?" Pamaso pa azibambo onse aja, a Dayirekita ali pomwepo, ndikanati chiyani? Ndinati, "Niko sawa," ndili bwino. Ndinakhala chammbali ngati njinga yotsamira khoma, thukuta lili kamukamu, ndikumwetulira. Chalacho ndinakachichotsa ndekha madzulo kuhotela, ndipo sindinauze munthu. Pofika ku Nairobi pamalopo panali patatupa, thupi likutentha, mpaka abambo ako anandinyamula kupita nane kuchipatala, kumene namwino anaseka mpaka anakaitana mnzake. Inu tinakuuzani kuti ndi malungo. Ine chipatala chinali pafupi, iwe kumene ukupitako mtunda sukauona masabata angapo. Ukakalasidwa ndi waya, ukakapanidwa chala, ukakamva chizungulire, mutu, chilichonse, nena nthawi yomweyo, nena mokweza, ngakhale bala likhale pamalo oseketsa. "Ndili bwino" wa ife Amalawi, uja timayankha tili pa machira, ukamusiye pa doko.

Tsopano ndafika pa chimene ndalembera kalatayi, ndipo apa usawerenge mothamanga. Titayandikira chilumba chija, mwini boti anapita kutsogolo kukaponya nangula. A Dayirekita anali ataimirira, akutifotokozera mapulani a chaka chamawa, chifukwa munthu uja ngakhale pa namondwe ankachititsa msonkhano. Ine pokhala chammbali paja maso anga anali pansi, ndipo ndinaona phazi lawo lili pakati pa chingwe cha nangula chimene chinali chokulungiza pansipo. Ndinaona ndithu, ndipo ndinadziwa chimene chichitike. Ukuganiza ndinatani? Ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Ndinati, "Pepani bwana, sikuti ndikufuna kukudulani mawu." Iwo anakweza chala n'kunena kuti, "Ndimalize kaye mfundo iyi, mama." Ndipo ine, mayi ako, mayi wa madigiri awiri, ndinati, "Zikomo bwana," n'kudikira kuti amalize mfundo! Nangula anapita m'madzi, chingwe chinathamanga, chinawakola mwendo, ndipo a Dayirekita ndi mfundo yawo yomwe anangoti chubwi!

Pano timaseka tikakumbukira, ngakhale eni akewo ankaseka pa phwando lowatsanzika. Koma panali kanthawi, mwana wanga, pamene pamadzi paja pankangooneka chipewa chawo chokha. Palibe anakuwa, palibe anapuma. Ndinaganiza za akazi awo, amene ndinkawadziwa, ndi mmene ndikawauzire kuti ndinaona chingwe koma ndinkadikira mpata wolankhula. Mwayi wake pamalopo sipanali pakuya kwambiri, mwini boti ndi anzathu awiri anakoka chingwe chomwecho n'kuwatulutsa, nsapato imodzi palibe, magalasi palibe, akulavula madzi amchere. Kumene ukupita iwe kulibe kachilumba, pansi pake ndi patali, ndipo chimene chimakoka chingwe si kanangula ka boti la alendo koma mzere wa miono yachitsulo. Munthu akapita, wapita. Ukakaona phazi la munthu m'chingwe, usakayambe ndi "pepani," usakayambe ndi "akulu." Kuwa! Kuwa m'chinenero chilichonse chimene chayamba kufika pakamwa, Chichewa chomwe amva, chifukwa mkuwo sufuna womasulira. Mukankhe, mukoke kolala, mugwetse pansi, angakhale ndi a kaputeni eni ake a imvi zawo. Kupepesa udzapepesa madzulo onse muli amoyo. Ndipo mapazi akowo, aatali ngati a abambo ako, uziwayang'ana pamene waponda.

A Dayirekita atakhala pansi, atafunda chitenje changa chapadera, akunjenjemera, anandiyang'ana n'kunena motsitsa kuti, "Mama, m'mawa muja ndinayang'ana inu dala. Ndinkadziwa kuti simusambira. Mukanangoti mukuopa, ndikanauimitsa ulendowu, chifukwa inenso ndinkaopa, koma mtsogoleri sayamba ndiye kunena." Atatero anzanga onse anayamba kuulula mmodzimmodzi, uyu ankaopa, uyo ankaopa, wa zachuma mpaka anali atatumiza kale uthenga wotsanzika kwa mkazi wake. Boti lonse linali la anthu amantha okhaokha, aliyense akudikira mnzake kuti ayambe. Akuluakulu sananame, manyazi anapha Lambe. Ife anangotsala pang'ono kutipha tonse pa nkhani ya nkhomaliro.

Kumene ukupitako zikakuchitikiranso, ndikulumbira. Miono ili m'madzi, ogula akudikira kumtunda, kumwamba kwada, ndipo a kaputeni akufuna mukokenso mzere umodzi musanathawe. Mwina akafunsa, mwina sakafunsa. Akakafunsa, yankha zoona, usakayang'ane kaye nkhope za anzako, chifukwa nawonso akuyang'ana yako. Sindikuti ukakhale wamakani ayi. Namondwe akafika boti limamvera munthu mmodzi, akati gwira apa, gwira, akati lowani mkati, lowa, zokambirana pambuyo. Koma akakakutuma panja wopanda jekete yoyandamitsa ija, kana. Akakakutuma kukonza makina akuzungulira kuti musataye nthawi, kana, azimitse kaye. Ukakhala kuti sunagone mpaka ukuona zinthu ziwiriziwiri, nena kuti sindingathe, ndigone kaye. Akakakuchotsa ntchito pa chifukwa chimenecho, bwera, chipinda chako sindiikamo wa lendi. Nkhanu sizinathepo m'nyanja, koma ine mwana wamwamuna ndili naye mmodzi, ndipo ndikumufuna ndi zala zake zonse.

Zina ndi zing'onozing'ono. Kusanza usanza, usachite nako manyazi, aliyense amayamba choncho, koma uyambe waona kumene mphepo ikulowera. Ine m'boti muja sindinaone, ndipo mayi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito sanandilankhule mwezi wathunthu. Abambo ako akugulira ambulera ku msika wa Gikomba, yaikulu, ya mawangamawanga, akuti ya pa namondwe. Ndawauza kuti m'mavidiyo awo aja sindinaonemo munthu wa ambulera, akuti n'chifukwa chake amanyowa. Uilandire bwinobwino, uthokoze, ukaisiye kwa mlonda wa pa doko. Masokosi ouma uziwasunga m'pepala la pulasitiki ndipo usabwereke a mnzako osapempha. Netiweki ikangopezeka, imba, ngakhale ulibe chonena, ndingomva kuti ukupuma. Nkhanu usatitumizire, ine ndi mtundu umenewo tinathana.

Sikuti ulemu wonse ukautaye m'nyanja. Anzako uziwapatsa moni m'mawa, mbale yako uzitsuka, wodwala uzimugwirira ntchito, kupemphera usasiye ngakhale anzako akhale achipembedzo china, Mulungu wa panyanja ndi yemweyu. Mukafika kumtunda, pansi pakasiya kugwedera, utolenso mwambo wako wonse, uzilandira ndi manja awiri monga mwana wa kwa anthu. Chimene ndikukana ine ndi ulemu uja umatseka munthu pakamwa madzi akulowa. Ndakuuza kale, ndikubwerezanso, chifukwa ndikudziwa kuti pofika pano wanena kale "ndamva amayi" chamumtima: dzanja limodzi pachitsulo, bala ulinene, chingwe uchikuwire, choopsa uchikane.

Chatsala ndi cha mawa. Abambo ako ndawalonjeza kuti ku siteshoni sindikalira, koma ndawanamiza, ndikudzidziwa. Akakangoitana okwera ndikakugwira mkono. Ndikakuuza kuti ntchito za mafiriji zadzaza m'masitolo a ku Westlands kuno, ndikakukumbutsa za kuthamanga kwa magazi kwanga, ndikakufunsa ngati nkhanu zaposa mayi ako, ndikakuuza kuti usapite. Usaganize kuti likakhala sewero, ndikanena kuchokera pansi pa mtima, chifukwa ndikuopa, Yamikani, ndikuopa kwambiri, ndipo ulendo uno ndayamba ndine kunena.

Pamenepo usakayang'ane pansi. Ukandiyang'ane m'maso, anthu onse akuona, ukandiuze kuti, "Ayi amayi, ndikupita," ukachotse dzanja langa pamkono pako, ukakwere. Chibadwire sunandikanirepo kanthu. Ukakalephera, tikabwerera limodzi ku Roysambu, ine ndikasangalala njira yonse, koma panyanja sudzapondapo ndili moyo, chifukwa mwana wolephera kukanira kamayi kakafupi ngati ine sangakanire a kaputeni pakati pa namondwe. Ukakandikanira, ndikalira kuchokera ku siteshoni ya Syokimau mpaka pakhomo, abambo ako akachita nane manyazi m'galimoto. Koma usiku wake ndikagona tulo.

Mulungu akutsogolere pamadzi, akubwezere kwa ine wathunthu.

Ndine mayi ako,
amene mawa uyenera kuwakanira.